Matenda a Poland ndi mbiri ya mafizo a ana: kuchokera ku London kufika ku Phalombe

M'chaka cha 1841, mnyamata wa zaka 19 yemwe ankaphunzira udokotala pachipatala cha Guy's mumzinda wa London adasindikiza lipoti lalifupi la zomwe adapeza atang'amba mtembo wa mkaidi wina. Mnyamatayo adali Alfred Poland, ndipo mkaidiyo adali George Elt, wa zaka 27. Kumanzere kwa chifuwa cha Elt kudalibe gawo lalikulu la mnofu womwe umakuta nthiti kuchokera pafupa lapakati pachifuwa kukafika kuphewa. Mnofu wina waung'ono womwe umakhala kunsi kwake nawonso padalibe. Dzanja lake lakumanzere lidali lalifupi, zala zake zomatana, zina zopanda kafupa kapakati. Omwe adamuona Elt ali moyo adakumbukira kuti sankatha kudutsitsa mkono wakumanzere patsogolo pa chifuwa chake. Dokotala akaima kumanja kwake n'kumupempha dzanjalo kuti amve kugunda kwa mtima, iye ankachita kutembenuka thupi lonse.

Vuto lomwe Elt adabadwa nalo ndi lomwe lero limatchedwa matenda a Poland. Dzinali ndi la munthu, silikukhudzana ndi dziko la Poland. Ndi vuto losowa kwambiri, moti namwino akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osakumana nalo. Mbiri yake ili ndi phunziro kwa ogwira ntchito zaumoyo m'boma ngati la Phalombe, chifukwa ikuonetsa momwe vuto looneka ndi maso limathera kukhala zaka zambiri popanda wolizindikira, anthu akamayang'ana chiwalo chimodzi n'kusiya chinzake.

Dzina lidatenga zaka 121

Poland sadali woyamba kuona munthu wopanda mnofu wapachifuwa. Lallemand wa ku France adalembako za vutoli mu 1826, ndipo Froriep wa ku Germany adatero mu 1839. Chomwe lipoti la Poland lidaonjezera ndi kufotokoza chifuwa ndi dzanja la mbali yomweyo mwa munthu mmodzi. Koma chithunzi chojambula pamanja chomwe chidatsagana ndi lipotilo chidangoonetsa chifuwa. Dzanjalo adalidula n'kulisunga m'nyumba yosungiramo zinthu zophunzirira pachipatalapo. Kwa zaka zoposa 100, madokotala a zala ankaona zala zomatana, madokotala a chifuwa ankaona chifuwa chophwa mbali imodzi, ndipo ndi ochepa omwe ankalumikiza ziwirizi.

Mu 1962, Patrick Clarkson, dokotala wa maopaleshoni a manja wobadwira ku New Zealand yemwe ankagwira ntchito pa Guy's pomwepo, adaona kuti odwala ake atatu a zala zomatana adali ndi bere losakula mbali yomweyo ya dzanja lovutalo. Atafufuza m'mabuku akale a chipatalacho adapeza lipoti la Poland, adapezanso dzanja la Elt likadali chisungire. Iye ndiye adayamba kutchula vutoli ndi dzina la Poland, patatha zaka 121, mwini dzinayo atamwalira kalekale mu 1872. Mu 1967 madokotala a ku Belgium, Baudinne ndi anzake, adagwiritsa ntchito dzina lomwe lidakhazikika mpaka lero.

Chomwe chimachitika mwana ali m'mimba

Funso lomwe makolo amayamba kufunsa ndi lakuti chalakwika n'chiyani, ndipo walakwa ndani. Yankho lomwe akatswiri ambiri amagwirizana nalo lidaperekedwa mu 1986 ndi Bavinck ndi Weaver. Iwo adafotokoza kuti cha m'sabata yachisanu ndi chimodzi ya mimba, nthawi yomwe mkono ndi minofu yapachifuwa zimayamba kuumbika, magazi amatha kuchepa mumtsempha waukulu wodutsa kunsi kwa fupa lapakhosi, womwe madokotala amautcha subclavian, kapena m'nthambi zake. Ziwalo zomwe zimadalira mtsemphawo sizikula mokwanira. Malo omwe mtsempha watsekekera ndiwo amapangitsa kuti mwana wina asowe mnofu wokha, wina asowenso nthiti, wina akhale ndi dzanja laling'ono.

Sabata yachisanu ndi chimodzi ndi nthawi yomwe amayi ambiri amakhala asadadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera. Vutoli siliyamba pobereka, choncho si mzamba amene adalichititsa. Nthawi zambiri limangochitika mwa mwana mmodzi m'banja lomwe mudalibe wina wotero, ndipo sikawirikawiri kuti libwerenso kwa mng'ono wake. Silipatsirana, silikhudza nzeru za mwana, ndipo silikula m'kupita kwa zaka monga amachitira matenda ena a minofu.

Chizindikiro chomwe chimapezeka mwa onse ndi kusowa kwa gawo lina kapena mnofu wonse wa pectoralis major mbali imodzi. Mbali yakumanja ndiyo imakhudzidwa kwambiri, ndipo anyamata amapezeka nalo kawiri kapena katatu kuposa atsikana. Ena nsonga ya bere imakhala yaing'ono, yokwera m'mwamba, kapena palibiretu. Ena nthiti zakumtunda, makamaka kuyambira yachiwiri kufika yachisanu, zimakhala zoperewera. Owerengeka amabadwa mtima uli kumanja, makamaka vutoli likakhala kumanzere, ndipo ena amakhala ndi matenda a Moebius, omwe amachititsa kuti nkhope ya mwana isamasunthe akamalira ndiponso kuti azivutika kuyamwa.

Mabuku ambiri a zachipatala amati mwana mmodzi mwa ana 20,000 kufika 30,000 amabadwa ndi vutoli. M'Malawi mumabadwa ana oposa 600,000 pachaka. Chiwerengero cha kunjachi chikayerekezedwa ndi kuno, ndiye kuti ana 20 kufika 30 otere amabadwa m'dziko muno chaka chilichonse. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 400,000 m'boma la Phalombe, kutanthauza munthu mmodzi mwa Amalawi 40 alionse. Poyerekeza motero, bomali lingayembekezere mwana mmodzi pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo ana osakwana zaka 18 omwe ali ndi vutoli angakhale pafupifupi khumi, omwazikana kuyambira kwa Chiwalo kufika kwa Nkhulambe. Ana khumi sangachititse boma kutsegula chipatala chawochawo. Chithandizo chawo chimadalira njira zomwe zidakhazikitsidwa chifukwa cha matenda ena, ndipo m'Malawi matendawo ndi poliyo.

Mafizo adakula ndi poliyo

Nthawi yomwe Poland ankalemba lipoti lake, ntchito ya mafizo idali isadakhazikike m'zipatala. Per Henrik Ling adali atatsegula sukulu ya masewero olimbitsa thupi ku Stockholm mu 1813, ndipo ku Britain anamwino anayi adakhazikitsa bungwe la akatswiri otikita minofu mu 1894, lomwe pambuyo pake lidasanduka bungwe la madokotala a mafizo. Chidakulitsa ntchitoyi ndi asilikali ovulala pankhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse komanso miliri ya poliyo. Mu Africa, dokotala Ronald Huckstep adaonetsa ku Uganda m'zaka za m'ma 1960 kuti zitsulo zolimbitsa miyendo, nsapato zamatabwa ndi ndodo zoyendera zingathe kupangidwa ndi amisiri akumaloko pamtengo wotsika.

Malawi adayenda njira yofananayo. Lamulo la 1971 lidakhazikitsa bungwe la boma la MACOHA kuti liziyang'anira za anthu aulumali. Mu 1979 kudabadwa bungwe la Malawi Against Polio, lomwe anthu amangoti MAP, panthawi yomwe ana ambiri m'midzi ankakwawa chifukwa poliyo idawaumitsa miyendo. A MAP ankayenda m'zipatala za m'maboma pamasiku oikika, kuyeza ana, kuwapangira zitsulo, ndodo ndi njinga, ndi kutumiza kuzipatala zazikulu omwe ankafunika opaleshoni. Mu 1985, dokotala wa mafupa Edward Blair adayambitsa maphunziro a miyezi 18 osula madokotala othandizira pa za mafupa, chifukwa madokotala akuluakulu a mafupa adali owerengeka m'dziko lonse. Madokotala othandizirawa ndiwo akhala akusenza ntchito ya mafupa m'zipatala za m'maboma kuyambira nthawi imeneyo. Mu 1992 a MAP adatsegula malo a Kachere mumzinda wa Blantyre, komwe odwala amagonekedwa kuti achite mafizo, ndipo malo omwewo adadzayamba kuphunzitsa akatswiri othandizira pa mafizo.

Katemera atagonjetsa poliyo, ntchito idasintha. Wodwala womaliza wa poliyo yachilengedwe panthawiyo adapezeka mu 1992, ndipo padatha zaka 30 kufikira February 2022 pomwe boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka nayo. M'zaka zapakatizi a MAP adasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, ndipo m'mizere ya odwala mudachuluka ana ovulala ubongo pobadwa kapena chifukwa cha malungo aakulu, ana a mapazi opindika, ndi akuluakulu ofa ziwalo kapena ovulala pangozi zapamsewu. Chipatala cha Beit CURE chidatsegulidwa ku Blantyre mu 2002 ndipo chimachita maopaleshoni a mafupa kwa ana mwaulere. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2005 adaonetsa kuti madokotala othandizira a m'Malawi amatha kuwongola mapazi opindika pogwiritsa ntchito njira ya Ponseti, yomanga chikhakha mobwerezabwereza, popanda opaleshoni yaikulu.

Nthawi yonseyi, Mmalawi wofuna kukhala dokotala wa mafizo ankayenera kukaphunzira kunja, monga ku Tanzania. Sukulu ya College of Medicine, yomwe idatsegulidwa mu 1991 ndipo tsopano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences, idayamba maphunziro a digiri ya mafizo mu 2010. Boma lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, n'kukhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012. Mu 2017 pachipatala cha Queen Elizabeth padatsegulidwa gawo la Mercy James la maopaleshoni a ana.

Mbiri imeneyi idasiya chizolowezi chake. Popeza chiyambi chidali poliyo, maso a azaumoyo ndi a makolo adazolowera kuyang'ana miyendo. Mwana akachedwa kukhala, kukwawa kapena kuyenda, aliyense amadziwa kuti akufunika mafizo. Mwana wa matenda a Poland amakhala, amakwawa ndipo amayenda pa nthawi yake. Vuto lake limabisika m'malaya, ndipo dzanja laling'ono anthu amangoti ndi mmene adabadwira.

Mtunda wa ku Phalombe

Phalombe idakhala boma palokha mu 1998 itachotsedwa ku Mulanje, koma kwa zaka zoposa 20 idalibe chipatala chachikulu cha boma. Odwala omwe zipatala zazing'ono monga Migowi, Chitekesa, Mpasa, Nambazo ndi Nkhulambe zidawalephera ankatumizidwa ku Holy Family, chipatala cha mpingo wa Katolika, pamgwirizano wa pakati pa boma ndi zipatala za mishoni. Wofunika dokotala wamkulu ankapitirira ku Zomba kapena ku Blantyre, pamisewu yomwe idatenga zaka zambiri kuti iikidwe phula. Chipatala cha boma chidatsegulidwa ku Migowi mu 2022 ndipo chidapatsidwa dzina la John Chilembwe.

Madzi nawonso akhala akudula njira. Napolo wa m'mwezi wa March 1991 wochokera m'phiri la Michesi adapha anthu mazanamazana. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adakokolola midzi, milatho ndi misewu, ndipo chipatala cha Nkhulambe chidawonongeka kwambiri. Chithandizo cha mafizo chimasiyana ndi katemera chifukwa sichitha pa ulendo umodzi. Chimafuna kubwerera mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Banja lomwe likudalira nandolo ndi mpendadzuwa, lomwe ndalama ya kabaza ikupikisana ndi ya ufa, limasankha ulendo womwe likuona kuti ndi wa moyo ndi imfa. Mwana yemwe akusewera bwinobwino, kungoti mbali ina ya chifuwa ndi yophwa, ulendo wake umadikira.

Pali zinthu ziwiri zomwe zidasintha mokomera ana oterewa. Choyamba ndi malo obadwira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse adapeza kuti mu 1992 ana 55 mwa 100 alionse ndiwo ankabadwira kuchipatala, pomwe mu 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chidafika pa 91. Ana ambiri tsopano amadutsa m'manja mwa namwino kapena mzamba wophunzira patsiku lomwe abadwa, ali osavala. Chachiwiri ndi umboni wakuti anthu ongodzipereka amatha kupeza ana aulumali omwe chipatala sichiwadziwa. Mu 2013 akafukufuku adaphunzitsa anthu pafupifupi 500 a m'midzi ya m'maboma a Thyolo ndi Ntcheu kuzindikira ana a mavuto a ziwalo, maso, makutu, nzeru ndi khunyu. Anthuwo adayenda m'midzi mwawo n'kulemba ana zikwizikwi, omwe ena mwa iwo pambuyo pake adayezedwa ndi madokotala, ndipo ambiri adapezeka kuti adali asadalandirepo chithandizo chomwe ankafunika. Thyolo ndi Phalombe ndi maboma ofanana pa zambiri, ndipo magulu a anthu ongodzipereka omwe adathandiza kumeneko aliponso kuno.

Zomwe mafizo angathe ndi zomwe sangathe

Mu 2020 gulu la akatswiri a ku Italy, mogwirizana ndi bungwe la odwala ndi makolo la m'dzikolo, lidafalitsa malangizo a kapimidwe ndi kasamalidwe ka matenda a Poland. Malangizowo amati kupima ndi maso ndi manja ndiko poyambira, ndipo makina a sikani, onga omwe amaunikira amayi oyembekezera, ndi okwanira kutsimikizira kuti mnofu palibe. Zimenezi n'zotheka pachipatala cha boma.

Mfundo yoyamba yomwe makolo ayenera kumva momveka ndi yakuti mnofu womwe mwana sadabadwe nawo sungamere. Kutikita, mafuta, mphini kapena masewero sizingaubweretse. Kholo lomwe lalonjezedwa kuti chifuwa chidzadzaza limataya mtima pakatha miyezi itatu, n'kusiya kubwera. Chomwe mafizo amachita ndi kuphunzitsa minofu yomwe ilipo kuti igwire ntchito ya womwe kulibe. Mnofu wapachifuwa umakokera mkono mkati ndi kutsogolo, monga pokumbatira, pokankha chitseko kapena posinja. Mnofu waukulu wakumsana wotchedwa latissimus dorsi, minofu yapaphewa, ndi kagawo ka mnofu wapachifuwa komwe kamatsala kunsi kwa fupa lapakhosi mwa ana ambiri, zimatha kugawana ntchito imeneyi. N'chifukwa chake ana ambiri otere amakula ndi mphamvu zokwanira kulima, kutunga madzi ndi kupalasa njinga.

Kwa khanda, ntchito yaikulu ndi kuonetsetsa kuti likugwiritsa ntchito mikono yonse iwiri. Mwana amakonda dzanja lomwe likumuphwekera, ndipo linalo akalinyalanyaza limazolowera kukhala. Mayi amalangizidwa kumugoneka chafufumimba kwa kanthawi ali maso komanso pali womuyang'anira, kuti azidzikankha ndi mikono yonse. Chidole kapena chikho chiziperekedwa kumbali ya dzanja laling'ono, kenako pakati kuti agwire ndi manja awiri. Pomubereka kumbuyo, mkono wovutawo usamapanikizidwe m'nsalu tsiku lonse. Kukwawa ndi mafizo abwino kwambiri pamsinkhu umenewu, ndipo sikufunika kumufulumizitsa kuti aime.

Mwana akayamba kuyenda ndi kusewera ndi anzake, mafizo amalowa m'masewero ndi m'ntchito zapakhomo. Kuumba zidole ndi dothi, kutong'ola chimanga, kuswa mtedza, kutola njere za bawo, kuwakha mpira wa fulaye ndi manja awiri, kukankha khoma ngati akufuna kuligwetsa ndi kulendewera panthambi yotsika, zonsezi zimalimbitsa phewa ndi zala. Dokotala wa mafizo amayeza momwe phewa likutambasukira, amaona ngati fupa lakumbuyo kwa phewa likutuluka ngati phiko, ndipo amayang'ana msana mwana atawerama, chifukwa ena msana umayamba kupindika m'mbali, makamaka nthawi yomwe akukula mofulumira. Mwana yemwe wayamba kupendeketsa phewa kapena kudzipinda kuti abise chifuwa amafunika kumuthandiza msanga khalidwelo lisadakhazikike. Akuluakulu adati m'mera m'poyamba.

Zala zomatana zimafuna opaleshoni, ndipo nthawi yake imakhala yofunika. Madokotala ambiri amalekanitsa zala mwana ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri, ndipo amayesetsa kuti zonse zithe asadayambe sukulu. Zala zosiyana kutalika zikamatana, chachifupi chimakoka chachitali n'kuchipinda, choncho zoterozo amazifulumizira. Opaleshoni ikachitika, mafizo ndiwo amateteza phindu lake: kuvala kachipangizo kolekanitsa zala monga dokotala walamulira, kutikita chipsera bala likapola, ndi kuphunzitsa zalazo kutsina ndi kugwira. Popanda zimenezi chipsera chimatha kukokanso zala. Mwana yemwe wachitidwa opaleshoni ku Blantyre n'kubwerera kwa Nazombe amadalira mlangizi wa zaumoyo wakumudzi kuti aone ngati zomwe adauzidwa zikuchitika.

Opaleshoni ya chifuwa imachitika msanga pokhapokha nthiti zikasowa kwambiri moti mapapo ndi mtima zilibe chotchinga, kapena kupuma kukuvuta. Ana oterewa amafunikanso mafizo a kapumidwe opaleshoni ikatha. Yokonza maonekedwe, monga kusamutsa mnofu wakumsana kuti ukute chifuwa kapena kukonza bere, kawirikawiri imadikira kuti thupi lithe kukula, ndipo mwini thupi ndiye ayenera kuifuna.

Msinkhu wovuta kwambiri

Kwa ana ambiri, makamaka omwe dzanja lawo lili bwinobwino, vutoli limadziwika akamatha msinkhu. Mafuta a ukhanda amabisa kuphwa kwa chifuwa, ndipo kusiyana kumaonekera pomwe mnyamata wayamba kutakata pachifuwa kapena mtsikana wamera bere limodzi lokha. Kumudzi thupi silibisika. Ana amasambira limodzi kumtsinje, atsikana amalangizidwa pamodzi kuchinamwali, ndipo nkhani imafala msanga. Pamakhala mafunso okhudza ufiti, kukhwima kwa wachibale, kapena mwambo womwe mayi akuganiziridwa kuti adaphwanya ali woyembekezera. Mtsikana amayamba kufunsa mumtima ngati adzakwatiwe ndiponso ngati adzayamwitse. Ena amayamba kujomba kusukulu.

Wazaumoyo ali ndi mayankho enieni pa mafunso amenewa. Vutoli silikhudza kubereka. Bere lomwe lidakula bwino limatha kuyamwitsa mwana mokwanira. Mwayi woti mwana wake adzabadwe chimodzimodzi ndi wochepa kwambiri. Kansalu kofewa kosokerera mkati mwa kamisolo kamathandiza mtsikana kuyenda momasuka pomwe akuganizira za opaleshoni kapena ngati sakuifuna. Zoterezi zimakambidwa poduka mphepo, ndi wazaumoyo wamkazi ngati n'kotheka, ndipo agogo kapena azakhali omwe ali ndi mawu m'banjamo ndi bwino akhalepo mtsikanayo akalola.

Amene amayamba kumuona mwanayo

Phunziro la Clarkson ndi losavuta kulitsatira m'chipinda chochirira, kusikelo ndi pakhomo. Aliyense woona dzanja laling'ono kapena zala zomatana avule mwanayo malaya n'kuyang'ana chifuwa, ndipo woona chifuwa chosiyana mbali ziwiri ayang'ane manja onse awiri atawagundanitsa. Pofananiza mbali ziwiri za chifuwa, malo oyenera kuyang'anitsitsa ndi mkupiko wa mnofu womwe umakhala kutsogolo kwa khwapa. Mbali yovutayo mkupikowu umasowa kapena umakhala wopyapyala, ndipo nsonga ya bere imakhala yaing'ono kapena yokwera. Mwana wamkulu angapemphedwe kugundanitsa zikhatho patsogolo pa chifuwa n'kukankha mwamphamvu. Mbali yabwino mnofu umatumphuka, inayo ayi.

M'pofunikanso kusiyanitsa vutoli ndi ena omwe amafanana nalo. Khanda lomwe lidavulala mitsempha yapakhosi pobadwa movutikira, mkono wake umalendewera osasuntha, koma dzanja limakhala loumbika bwino ndipo chifuwa chimafanana mbali zonse. Mwana wosakwana zaka 15 yemwe adali bwinobwino kenako mkono kapena mwendo n'kulefuka mwadzidzidzi ayenera kuganiziridwa poliyo, ndipo lipoti lake lipite kuofesi ya zaumoyo tsiku lomwelo. Pa matenda a Poland mkono umasuntha, ndipo kusiyana kwake kudalipo chibadwire.

Khanda lomwe mbali ina ya chifuwa ikutukuka polira n'kulowa mkati pokoka mpweya, lomwe likubanika, lomwe likulephera kuyamwa kapena nkhope yake sikusuntha, lifunika kutumizidwa kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo. Lomwe likupuma ndi kuyamwa bwino lingapite patsiku loikika, kukaonana ndi dokotala wa mafupa ndi wa mafizo, omwe angaone ngati likufunika kupitirira ku Queen Elizabeth kapena ku Beit CURE.

Chotsalira ndi kulemba. Lipoti la Poland lidadikira zaka 121, koma lidapezeka chifukwa lidalembedwa ndipo lidafotokoza chifuwa ndi dzanja lomwe. M'buku lachipatala la mwana mulembedwe mbali yomwe yakhudzidwa, momwe khwapa ndi nsonga ya bere zikuonekera, zala zomwe zamatana, tsiku lomwe watumizidwa ndi komwe watumizidwa. Wolembayo safunika kukhala wotsimikiza za dzina la matendawo. Namwino wina akadzatsegula bukulo kusikelo patatha miyezi isanu ndi umodzi, adzadziwa choti afunse mayiyo: ngati adapita, zomwe adauzidwa, ndi tsiku lomwe akuyenera kubwererako.